Bambo Ali M'sipika ya Kumanzere

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mtsikanayu anadzuka akuganiza kuti lero amuyamikira.

Anali atakonza yekha galamafoni ya kasitomala wina, ija yamagetsi ya masipika awiri, n'kuipukuta mpaka kuwala. Kasitomala anaitenga m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwera nayo kale, akulalata kuyambira pakhomo. Mwini shopu, mmisiri wachikulire amene anayamba kukonza mawailesi mtsikanayu asanabadwe, anaika mbale ya nyimbo pagalamafonipo n'kumuitana.

"Taima apa, pakati pa masipika. Ukumva chiyani?"

"Ikuimba bwinobwino, bwana."

"Bwinobwino? Ya kumanja ikukuwa, ya kumanzere ikuchita kunong'ona. Iwe osamva?"

Sankamvadi. Khutu lake la kumanzere linafa ali wamng'ono, litatuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Kwa iye nyimbo iliyonse inkachokera malo amodzi, kaya masipika ndi awiri kaya ndi khumi.

Mmisiri uja anapukusa mutu. "Ndakupirira mokwanira. Manja uli nawo, sindikana. Koma ntchito ya masipika awiri imafuna makutu awiri. Pita ukapeze china chochita."

Ndikaikumbukira nkhaniyi ndimapsa mtima, ndipo sindibisa. Mwana ameneyu kusukulu anamukhazika m'mbali mwa khoma, khutu labwino litayang'ana njerwa, kenako n'kumamunena kuti ndi wouma mutu. Mayeso analephera. Pashopu paja m'pamene anapeza chinthu choyamba chimene manja ake ankachidziwa, ndiye nachonso anamulanda. Anzake a pabenchi ya pashopupo anatsanzikana naye pomutchula dzina limene anamupatsa kalekale, Khutulimodzi, wina mpaka anaseka.

Ngati nanunso anakuuzanipo kuti chimene mulibe n'chomwecho chimene ntchito yanu imafuna, khalani pansi muwerenge. Sindikunamizani kuti zinayenda msanga. Zinachedwa mpaka kutopetsa aliyense m'nyumbamo.

Kunyumba kunali amayi ake okha, atelala, amene ankasoka pakhonde kuyambira m'mawa mpaka maso kuwawa. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Sanasiye munda, sanasiye galimoto. Anasiya galamafoni ndi mbale imodzi, imene anajambula ndi kagulu kawo koimba ali anyamata. Mtsogoleri wa gululo ankamveka m'sipika ya kumanja, iye ndi gitala yake. Bambo ankaimba besi, mawu akuya aja, ndipo ojambula anawaika okhaokha m'sipika ya kumanzere. Nyimbo zinali ziwiri, mbali iyi imodzi, kuseri imodzi.

Ndiye panali amalume ake, munthu amene sanaonepo chinthu chowonongeka n'kuvomera kuti sachidziwa. Tsiku lina, mtsikanayu akadali kamwana, amalumewo anapeza singano ya galamafoni ikudumphadumpha. Anatenga khobidi n'kulimata ndi selotepi kumutu kwa mkono wa galamafoniyo, akuti singano ilemere, n'kukanikiza ndi chala kuti ligwire. Kudumpha kunathadi. Koma singanoyo inalima mbale ngati khasu, nyimbo ya mbali imodzi inasanduka phokoso lokhalokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sipika ya kumanzere inayamba kunong'ona. Amalumewo mpaka lero amati vuto linali magetsi.

Inatsala nyimbo imodzi ya kuseri. Amayi anakulunga mbaleyo m'pilokesi n'kuiponya pamwamba pa wadiropu pamodzi ndi galamafoni yake. Choncho mtsikanayu anakula asanamvepo mawu a bambo ake.

Atachotsedwa ntchito anayamba kugulitsa machaja a foni pa siteji ya mabasi. Anthu akamuitana chakumanzere osatembenuka, ankati ndi wamwano n'kukagula kwa wina. Tsiku lina anabwera kunyumba atanyowa ndi mvula, machaja ali momwemo m'chikwama, n'kukwera pampando kutsitsa galamafoni ija.

"Amayi, ndiikonza iyi. Ndikufuna ndimve bambo."

Amayi anaimitsa makina osokera. "Iwe amene anakuchotsa ntchito chifukwa cha matenda omwewa?"

"Ine ndemwe."

"Galamafoni tenga, uiphwasule mmene ufunira. Koma mbale ayi. Yatsala nyimbo imodzi. Singano ikaipalanso kamodzi, bambo ako apita kachiwiri, ndipo ulendo uno sabweranso."

Inu amene munabadwa nyimbo zili kale m'foni, tamvani ndikuuzeni chimene anayamba kulimbana nacho. Kumapeto kwa mkono wa galamafoni kuli kamutu kochepa kuposa bokosi la machesi, amisiri amati katiriji. Kamagwidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Kumbuyo kwake kuli timawaya topyapyala ngati tsitsi, pansi pake pali singano. Singanoyo imayenda m'kangalande ka pambale, ndipo kangalandeko kali ndi makoma awiri, lina la sipika ya kumanzere, lina la kumanja. Kamutuko kakapendekeka pang'ono chabe, moti diso silingaone, singano imatsamira khoma limodzi. Mbali ina imakuwa, ina imafooka, ndipo mbale imadyeka.

Zimenezi mtsikanayu ankazidziwa chapatalipatali, poti pashopu ankamupatsa kwambiri mawailesi. Anagula mbale zakale pamsika zoyeserera, ina ya ng'oma ndi malipenga, ya kalekale ija imene mawu ake amatuluka ofanana mbali zonse. Ndiye analakwitsa poyambirira pomwe. Poti sipika ya kumanzere ndi imene inkanong'ona, anaiimba mlandu sipikayo. Anaitsegula, anaipukuta, anawotcherera mawaya amene analibe vuto lililonse, anaitseka, anaitsegulanso.

Chowawa n'chakuti akakonza sankatha kudziwa yekha ngati zasintha. Mita yoyezera magetsi inatsala kushopu. Makutu anali a amayi.

"Amayi, tabwerani mudzamve."

Amayi ankabwera, tepi yoyezera ili m'khosi. "Chimodzimodzi."

Pakapita kanthawi, "Amayi, tabweraninso."

"Chimodzimodzi."

Tsiku lina zinawafika pakhosi. "Mwanawe, wandikwana. Ndili ndi malaya a eni ake pano. Ndikadzuka kamodzi, msoko wakhota. Makutu angawa sindinakusungire iwe."

Anawauza zoona amayi aja, ngakhale anaziuza mobaya. Mtsikanayu anabwerera m'chipinda n'kukhala pansi, masipika onse awiri ali chagada patebulo, atachotsa nsalu zake zakutsogolo. Mbale ya ng'oma ija inali ikuzungulirabe. Pokankha zinthu ndi mkwiyo anagubuduza chitini cha amayi cha mabatani a malaya, ndipo angapo anagwera m'masipikamo.

M'sipika ya kumanja timabatani tinayamba kudumpha ng'oma ikalira. M'sipika ya kumanzere tinkangonjenjemera mwaulesi.

Anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Kenako anathira timabatani tofanana uku ndi uku n'kuyambitsanso mbale. Zinali chimodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaona ndi maso chimene anthu a makutu awiri ankamuuza, ndipo anaseka yekha ngati wopenga.

Amayi sanaseke. Madzulo ake anapeza mabatani a malaya a kasitomala ali kunsi kwa bedi, ena m'nsapato.

Musaganize kuti nkhani yatha, ayi ndithu. Kuona matenda si kuchiza. Mabatani a kumanzere anapitiriza ulesi wawo, iye akuvutitsabe sipika yosalakwa. Potsiriza anameza manyazi n'kubwerera kushopu kuja. Anaima pakhomo, anzake akale akugwirana zigongono, n'kufotokoza zonse, za mabatani zomwe.

Mmisiri uja sanadzutse mutu pawailesi imene ankakonza. "Unasinthanitsa mawaya a masipika kumbuyo kwa ampulifaya, bokosi lokuzira mawu lija?"

"Ayi, bwana."

"Nanga nthawi yonse unali pano unkaphunzira chiyani? Wa kumanzere ulowetse kumanja, wa kumanja kumanzere. Matenda akasamuka, sipika ilibe mlandu, yang'ana kumutu kwa mkono wa galamafoni." Anatsegula dirowa n'kumuponyera kakhadi kokhala ndi timizere ndi kabowo, koyezera kamutu ka galamafoni. "Ndipo usamve molakwa. Ntchito sindinakubwezere."

Atafika kunyumba anasinthanitsa mawayawo. Sizinatenge nthawi yophikira tiyi. Mabatani a kumanzere anayamba kuvina, a kumanja ndi amene anagwa ulesi. Matenda anasamuka. Masabata onse aja anathera pasipika yabwinobwino. Anatuluka m'nyumba n'kukazungulira mseu wonse wapansi, akudzitukwana chamumtima.

Tsopano anafika pankhondo yeniyeni. Anasunga za machaja mpaka anagula singano yatsopano, poti yakale ija amalume anaipinda. Kakhadi kaja amakalowetsa pakati pa galamafoni pomwe pamakhala mbale, n'kutsitsira singano pakadontho, ndipo kamutu kayenera kuima molingana ndendende ndi timizere. Kunena n'kosavuta. Akamanga sikuluwu ya uku, kamutu kankakhotera uko. Akamanga ya uko, kankabwerera mopitirira. Akakaongola pakadontho koyamba, pakachiwiri kankapezeka kokhota. Sikuludiraiva yake inali yaikulu, ya mawailesi, ndipo inkaterereka.

Anapempha kasikuludiraiva ka makina osokera a amayi, kaja kakang'ono komangira singano.

"Kameneka sindibwereketsa. Ngakhale bambo ako ankakagwira ndikuwayang'ana."

Sikuluwu ina inagwa pansi n'kulowa m'zidutswa za nsalu, ndipo anaifuna tsiku lonse akukwawa ndi maginito. Ataipeza, dzanja linatsetsereka n'kudula kawaya kofiira. Kuti akalumikizenso anachita kubwereka kachitsulo kozulira nsidze kwa mnzake woyandikana naye nyumba. Atatha zonsezo, kamutu kali pamzere bwinobwino, anathira mabatani n'kuika mbale ya ng'oma.

A kumanzere ankangonjenjemera monga kale.

Analira. Sikuti kulira kwachisoni, koma kuja kwa munthu amene akufuna kuswa chinthu koma akudziwa kuti n'chokhacho chimene ali nacho. Ananyamula galamafoni n'kuibweza pamwamba pa wadiropu, ndipo m'mawa mwake anapita ndi machaja ake kusiteji.

Apa m'pamene ambiri a ife timathera, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba ndi mkwiyo. Timasiya pamene tatopa, n'kumauza anthu kuti tinasiya chifukwa zinali zosatheka. Mtsikanayunso anasiya. Panapita nthawi ndithu, fumbi n'kuyamba kubwerera pachivundikiro.

Tsiku lina pochokera kusiteji anapeza galamafoni ili patebulo. Amayi anali pakhonde, akusoka, osamuyang'ana.

"Pamwamba pa wadiropu ndaikapo masutikesi," anatero. "Chinthu chakocho uchimalize kapena ukachitaye. Chikunditchinga."

Pachivundikiro cha galamafoniyo panali kasikuludiraiva kaja.

Anayambiranso. Ulendo uno anasiya kuyang'ana kamutu kuchokera pamwamba pokha. Anagoneka kagalasi kodziyang'anira pomwe pamakhala mbale, n'kutsitsirapo singano, n'kugwada kuti maso alingane ndi tebulo. Kamutu ndi chithunzi chake m'galasi sizinaime mowongoka. Kanali kopendekera mbali imodzi. Chala cha amalume chija, pokanikiza khobidi, chinapotoza mutu wa mkono, ndipo zaka zonsezi palibe amene anagwada kuti aone.

Anadula kachidutswa kakang'ono ka kakatoni kamene amasokerapo mabatani, n'kukalowetsa pansi pa sikuluwu ya mbali imodzi. Kanachuluka. Anakasenda ndi lezala. Kanachepa. Anadula kena. Ndipo nthawi iliyonse akamasula sikuluwu, mzere uja unkasokonekera, n'kuyambiranso ndi kakhadi. Munthu wamtima wapachala akanaiponya kunja pawindo.

Kamutu kataima chilili m'galasi, mabatani a kumanzere anadzuka. Ankadumpha ndithu, koma ankatsalirabe pang'ono. Wina akanati basi zakwana. Iye anakana, poti pang'ono pamenepo ndi pamene panali bambo ake.

Chinatsala chinali chinthu chochititsa manyazi kuchepa kwake. Kawaya koyera, kamene kamanyamula mawu a kumanzere, kachitsulo kake kolumikizira kanali katachita dzimbiri lobiriwira, ndiponso kanali kokhwepa. Anakavula, anakapala mpaka kuwala, anakafinya pang'ono ndi kozulira nsidze kaja, n'kukabwezera. Kenako anasendeza chitsulo cholemera cha kumbuyo kwa mkono mpaka singano inatera pambale mopepuka mmene imayenera, popanda khobidi la munthu aliyense.

Mabatani anavina mofanana, uku ndi uku.

Sanaitane amayi. Anawaopa. Koma amayiwo anamva ng'oma ili yodzaza m'nyumba, analowa okha, n'kuima pakati pa masipika. Anatembenuzira mutu uku, n'kuutembenuzira uko.

"Mawu akuchokera pakati," anatero.

Anakoka mpando, anakwera, anasuntha masutikesi aja n'kutsitsa pilokesi.

Anali masana, kunja ana akusewera. Mtsikanayu anaimika masipika bwinobwino, anapukuta mbale, n'kuitembenuzira kuseri kumene kunatsala nyimbo. Ananyamula mkono wa galamafoni n'kuuimika pamwamba pa mbale. Ankadziwa kuti ngati walakwitsa penapake, adziwa singano itadutsa kale.

"Tsitsa," anatero amayi.

Singano inatera. Panamveka kuthetheka pang'ono, kenako gitala, kenako mawu a amuna akuimba. Amayi anakhala pansi pabedi mwadzidzidzi, dzanja lili pakamwa. Mtsikanayu anamvetsera ndi mphamvu zake zonse, koma kwa iye mawu onsewo anali mtolo umodzi, monga mwa masiku onse. Anawabweza bambo ake m'nyumba, ndipo aliyense akanatha kuwaloza kupatula iye.

"Amayi, ndi ati?"

Amayi anamuyang'ana, anayang'ana khutu lija, ndipo anamvetsa.

"Zimitsa wa kumanjayo. Wandisokosa zaka zambiri."

Anazula waya wa sipika ya kumanja. Gitala inapita, mtsogoleri uja anapita nayo. M'chipinda munatsala munthu mmodzi, mawu akuya, okandapala pang'ono, akuimba mbali yake yekha. Mtsikanayu anagwada n'kutsamiritsa khutu lake la kumanja pasipika ya kumanzere. Ankamva ngakhale pamene bambowo ankakoka mpweya. Pakati pa nyimbo panali malo amene anayenera kudikira anzawo, koma iwo analowa okha, n'kudzigwira, n'kulowanso.

"Apo," anatero amayi, misozi ikutsika, akuloza sipika ngati akuikalipira. "Wamva? Alowa msanga. Munthu ameneyu chilichonse ankafulumira. Ngakhale kufa anafulumira."

Nyimbo inafika kumapeto, singano sinapale kanthu. Anaiyambitsanso.

Lero mtsikana uja, amene tsopano ndi mayi wamkulu, ali ndi benchi yakeyake m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo yogulitsa mafiriji. Magalamafoni anayambanso kufunidwa, ndipo anthu amabwera nawo atawafukula m'nyumba za makolo awo, ena ali ndi makobidi omatidwa kumutu. Mita yoyezera anagula, koma chitini cha mabatani chili pomwepo pabenchi, ndipo amayi ake amanenabe kuti n'chawo. Mmisiri wachikulire uja sanapepesepo, ndipo sindikhulupirira kuti adzapepesa. Kungoti wina akamubweretsera galamafoni yonong'ona mbali imodzi, amang'ung'udza kuti maso ake anatha n'kunena kuti, "Pitani nayo kwa Khutulimodzi." Dzina lomwelo ndi limene mayiyu analemba pachikwangwani chake, ndi penti yofiira.

Tsono inu amene munaika chinthu chanu pamwamba pa wadiropu chifukwa wina anakuuzani kuti mulibe choyenera, sindikuuzani kuti ananama. Mwina ananena zoona. Khutu la mayi uja silinatseguke, ndipo silidzatseguka. Koma anagwira ntchito ndi limene linatsala, mpaka linamva chimene ankachifuna moyo wake wonse.

Mudzataya nthawi pasipika yosalakwa. Sikuluwu idzagwa, waya adzaduka, a m'nyumba mwanu momwe adzatopa nanu. Psani mtima, lirani, kazungulireni mseu ngati mukufuna. Koma mtimawo musautayire kunjako. Bwererani nawo, mukwere pampando, mutsitse chinthu chanucho, muyambirenso.